Kuyenda m'Thengo ndi Ana Cisanu Cisanathe

Nkhani ya pa wailesi, yokambidwa m'Cinyanja kwa omvera a ku Migodi

Anthu okhala ku Kitwe ndi ku Ndola sasowa wowauza kuti cisanu ca June ndi July ncotani. Matauni awiriwa anamangidwa pa dziko lokwera, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yaikulu ya mcere, ndipo cifukwa ca ici usiku wa miyezi imeneyi umazizira koopsa. Mwamuna wa shifiti ya m'mawa atuluka m'nyumba kukali mdima, atabvala jekete pamwamba pa ovolosi, mpweya uli kufuka m'kamwa ngati utsi. Mkazi wace atsala ali kukoleza mbaula kuti ana apeze madzi ofunda. Koma pofika kumapeto kwa July zinthu ziyamba kusintha. M'mawa mukali kuzizira, inde, koma ikamakwana 9 koloko dzuwa lafunda bwino, ndipo silinayambe kuocha monga licitira mu October. Mvula inaleka mu April, siidzabweranso kufikira November. Njira za m'thengo zauma, madambo ambiri aphwa, udzudzu wacepa. Masabata amenewa, kuyambira kumapeto kwa July kufikira kuciyambi kwa September, ndiwo abwino koposa onse m'caka kuti munthu atenge mkazi wace ndi ana ace, atuluke nao m'komboni, akayende pansi m'thengo tsiku limodzi.

Pali mwai winanso. Sukulu zimatsekera kuciyambi kwa August, ndipo ana akhala pa nyumba pafupi mwezi wathunthu, ali kungozungulira m'miseu ya ku Wusakile, ku Chamboli, ku Chifubu ndi ku Kabushi. Lolemba loyamba la mwezi womwewo ndi chuthi ca Tsiku la Alimi, ndipo ambiri a m'tauni sapita ku nchito. Komabe ena pakumva mau awa adzaseka. Adzati, “Kodi munthu amene wakhala sabata yonse mamita 1,000 pansi pa nthaka, ali kulimbana ndi miyala, angapumule ndi kuyenda? Ulendo wopanda maliro, wopanda mlandu, wopanda wodwala wokamuona, umenewo ndi ulendo wa Azungu.” Mau amenewa ali ndi nzeru yace, pakuti makolo sanali kutaya mphamvu pacabe. Koma onenawo aiwala cinthu cimodzi.

Mwamuna amene anabadwira ku Katete, ku Petauke kapena ku Dedza sanaphunzire thengo pa sukulu. Analiphunzira ali kutsata atate ace kumunda, ali kubusa mbuzi, ali kuchera misampha ndi anzace. Pofika zaka khumi anali atadziwa mtengo wa mpini, mtengo wa luzi, cipatso codyedwa ndi cipatso cakupha. Mwana wace wobadwira ku cipatala ca mgodi adziwa maina a osewera onse a Nkana ndi a Power Dynamos, koma mombo ndi msuku satha kuzisiyanitsa. Makala amawaona m'matumba pa njinga. Mtengo umene anacokera sanauone. Tsiku limene adzapita kumudzi, kaya ku maliro a agogo ace, kaya atate ace atapuma nchito, adzakhala mlendo pakati pa abale ace, wosatumika ngakhale kukadula mtengo wa mpini. Cotero ulendo wotere si wopanda cifukwa ai. Zimene mwana wa kumudzi aphunzira osadziwa kuti ali kuphunzira, wa m'tauni ayenera kucita kutengedwa kuti akazione, ndipo woyenera kumtenga ndi kholo lace.

M'maiko a kumpoto kwa Ulaya, monga Sweden ndi Norway, anthu anazindikira kale ubwino wa masabata otsiriza a nyengo yozizira. Kumeneko kuzizira kumakula mu December, ndipo dziko likwiririka ndi cipale cofewa, coyera ngati ufa, cakuti munthu akapondapo amatitimira kufikira m'maondo. Mu December ndi January dzuwa lioneka maola owerengeka okha, koma pofika February ndi March usana utalika, cipale cikali pansi. Pamenepo mabanja atuluka. Amanga ku mapazi timatabwa tiwiri tatitali ndi topyapyala, tochedwa ski, nagwira ndodo ziwiri m'manja, nayenda cotsetsereka pamwamba pa cipale, kudutsa m'nkhalango ndi pa nyanja zimene madzi ace aundana ngati mwala. Mwana wosayenda amgoneka m'kabwato kochedwa pulk, kamene atate ace amakoka ndi lamba wa m'cuuno. Ku Sweden sukulu zimapatsa ana sabata yathunthu ya chuthi mu February kapena kuciyambi kwa March cifukwa ca masewera a panja, ndipo Lamulungu loyamba la March kuli mpikisano wa Vasaloppet, wa makilomita 90 kucokera ku Sälen kufika ku Mora, umene unayamba m'caka ca 1922. Koma mpikisanowo ngwa amphamvu. Mabanja ambiri angoyenda makilomita 3 kapena 4, nakhala pansi pa malo a dzuwa, nadya malalanje ndi kumwa zofunda, nabwerera kwao.

Anthu amenewa anaphunzira ndi misozi kuti ulendo wokondweretsa ungasanduke maliro. Pa Pasaka wa 1967 namondwe anaomba m'mapiri a Norway, ndipo anthu oposa 15 anafa. Citapita ici, a Red Cross ndi bungwe la oyenda m'mapiri la dzikolo analalikira malamulo a m'phiri ponse-ponse, kufikira ana a sukulu anawadziwa pamtima. Ena mwa malamulowo anena za cipale, ndipo alibe nchito ku Migodi. Koma awiri ayenera ku Ndola monga ayenera ku Oslo. Lina liti munthu auze anzace kumene ali kupita asananyamuke. Linalo liti abwerere nthawi ikalipo, pakuti kubwerera pa njira sikucititsa manyazi.

Cipale kuno kulibe, ndipo ski munthu angaione m'zithunzi zokha. Koma pali malo ena pafupi ndi Ndola amene alumikiza dziko lino ndi maiko ozizirawo, ndipo ndi malo oyenera kuyambirapo banja limene silinayendepo m'thengo. Dag Hammarskjöld, wa ku Sweden, anali Mlembi Wamkulu wa United Nations kuyambira 1953. Kwao anali munthu wokonda mapiri. Akapeza mpata anali kunyamula thumba kumsana, napita ku Lapland, kumpoto kweni-kweni kwa dziko lao, kukayenda masiku ambiri, ndipo anali mmodzi wa atsogoleri a bungwe la apaulendo la Svenska Turistföreningen. Usiku wa pakati pa 17 ndi 18 September 1961 anali kudza ku Ndola pa ndege kudzaonana ndi Moïse Tshombe wa ku Katanga, kuti nkhondo ya ku Congo ileke. Ndegeyo inadutsa pamwamba pa bwalo, ndipo potembenuka kuti itere inagwa m'thengo kumadzulo kwa tauni. Anthu onse 16 amene analimo anafa. Mmodzi yekha, Harold Julien, anakhala moyo masiku owerengeka m'cipatala ca ku Ndola.

Pamene ndegeyo inagwa pali tsopano munda wa cikumbutso, umene Boma linauika m'gulu la malo osungidwa a dziko m'caka ca 1970. Munthu atsata mseu waukulu wa Ndola ndi Kitwe makilomita ngati 10 kucokera m'tauni, nalowa njira yopatuka. Pakati pa mundawo pali mulu wa miyala, pambali pali nyumba yosungiramo zithunzi ndi mbiri, ndipo culu cimene anapezapo thupi la Hammarskjöld cikalipo. Pansi mposalala, mithunzi iripo, ndipo mwana wa zaka zinai angazungulire ponse osalira. Bwalo latsopano la ndege la Simon Mwansa Kapwepwe, lotsegulidwa mu 2021, liri pafupi pomwepo, kotero kuti ana osasamala za mbiri adzakondwa ndi ndege zotsika. Ku Sweden nako anamkumbukira mwa njira yomuyenera: mu 2004 anatsegula njira ya oyenda pansi yochedwa dzina lace, yocokera ku Abisko kufika ku Nikkaluokta, makilomita oposa 100, imene ena amaiyenda pa ski mu March ndi April.

Kholo loima pa culu cija liri ndi nkhani inanso youza ana. Usiku umenewo m'thengomo munali anthu oocha makala, ndipo iwo pamodzi ndi ena a ku Twapia ananena kuti anaona ndege yaciwiri kumwamba, ndi moto, ndege yaikulu isanagwe. Ofufuza a Boma la Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland mu 1962 sanawerengere mau ao. Anati woyendetsa ndege ndiye analakwa. Patapita zaka zoposa 50, United Nations inatsegulanso nkhaniyo ndi kuipereka kwa Mohamed Chande Othman, amene kale anali Woweruza Wamkulu wa ku Tanzania. Iye anapeza kuti umboni wa anthu akudawo unanyozedwa kosayenera, ndi kuti nkotheka ndithu kuti ndegeyo inacita kuukiridwa. Ana amve kuti oocha makala a m'thengo lomweli anaona cinthu cimene akulu a maiko akali kukambirana.

Koma phindu lalikulu la ulendo liri m'mitengo. Thengo la ku Migodi ndi la mtundu womwewo wa kum'mawa, la miombo, kungoti kuno mvula iculuka ndipo mitengo italika kopambana. Munthu wocokera ku Chipata adzapeza mitengo imene anakula nayo itabvala maina acilendo, pakuti dziko lino ndi la Alamba ndipo cinenero ca m'misika ndi Cibemba. Mombo wa luzi auchula muombo kapena musamba. Mtondo ndi mutondo. Msuku ndi musuku. Muula, umene ena amati mpundu, kuno ndi mupundu. Mlombwa wa madzi ofiira ngati mwazi, umene amisiri apangira mipando ndi zitseko, ndi mulombwa, ndipo ogulitsa matabwa amati mukwa. Mwana akafunsa kuti, “Atate, nanga uwu dzina lace nciani?” ndipo atatewo aiwala, asapeke dzina labodza. Aimitse nkhalamba yodutsa ndi nkhuni, apereke moni mwaulemu, afunse. Ambiri akondwa kufunsidwa, ndipo adzaonjezapo ndi nchito ya khungwa lace ndi mizu yace. Koma afunse msanga, zaka zino, pakuti caka ndi caka nkhwangwa za makala ziri kulikankhira thengo kutali ndi matauni, ndipo pamene atate anaona mitengo pofika pa Migodi, lero pali zitsa ndi maziko a nyumba.

Kumapeto kwa August kucitika cinthu cimene ngakhale akulu aima kuti acione. Mitengo ya miombo, itayoyola masamba akale, iphuka atsopano mvula isanagwe ngakhale dontho limodzi, ndipo masambawo satuluka obiriwira ai, koma ofiira, ena ngati mkuwa wongocoka m'ng'anjo, ena ngati mwazi, ena ofiirira ngati uci. Madzi ophukira icita kuwatunga pansi, kumene mizu yace yaitali ifika. Patapita masabata awiri kapena atatu kufiira konse kwatha, thengo labiriwira. Munthu angakhale zaka 20 m'komboni ku Kitwe osaona zimenezi, zingakhale zicitika caka ciri conse pa mtunda wa ola limodzi kucokera pa khomo pace.

Culu ca ku Migodi naco ncodabwitsa. Cimodzi citha kutalika kuposa nyumba, ndipo pamwamba pace pamera mitengo yosiyana ndi ya pansi, kawiri-kawiri ndi nsungwi zomwe, cifukwa dothi limene ciswe cinatulutsa pansi nlosiyana ndi la ponse. Ana akonda kukwerapo, ndipo akwere, koma wamkulu atsogole ndi ndodo, pakuti m'mauna a culu ndimo mogona njoka. Njoka zambiri nyengo ino zifooka ndi kuzizira, koma mphiri iri ndi khalidwe lace: siithawa, igona pa njira kuothera dzuwa, ndipo khungu lace lifanana ndi masamba ouma. Citedze naco cakhwima miyezi imeneyi. Mwana wa m'tauni poona nyemba zace zaubweya adzafuna kuzigwira, ndipo akazigwira ulendo wathera pomwepo. Pa lupsa, pamene udzu wapsa kale, mauna a mbewa aoneka poyera, ndipo mwamuna wa kum'mawa sangapitirire osaima. Abemba, amene ali nao pa cimbuya, adzamseka Lolemba ku nchito monga acitira masiku onse, ndipo iye adzawakumbutsa za anyani. Pamenepo palibe mlandu. Mlandu uli pa macesi.

Moto ndiwo mdani wamkulu wa ulendo wa mu August, ndi wa thengo lomwe. Mwezi uno mphepo iomba kolimba kucokera kum'mawa, udzu wa tsekera wauma gwa, ndipo moto woyatsidwa cifukwa ca mbewa zisanu uthamanga koposa mwana. Banja likaona utsi kutsogolo lisapitirire kukaonerera; libwerere, kapena liime pa lupsa kapena pa mseu. Za kuononga kwa moto si nkhani yongoganizira. M'caka ca 1933 a Dipatimenti ya Nkhalango anapatula minda yoyesera pafupi ndi Ndola. Wina anali kuuocha caka ndi caka cisanu cikali kuyamba, udzu usanaumitsitse. Wina anali kuuocha mocedwa, mu October. Wina sanauoche konse. Mu 1959 katswiri wa zomera, Colin Trapnell, analemba zimene zinaoneka. M'munda woochedwa mocedwa mitengo yaikulu ya miombo inali itafa pafupi yonse, mutatsala udzu wautali ndi mitengo yowerengeka yopirira moto. M'munda woochedwa msanga thengo linali kukula bwino, losasiyana kwambiri ndi losaochedwa lija. Ndiko kunena kuti moto wa June ndi moto wa malimwe si moto umodzi, ndipo tsiku liri lonse la August liusendeza kufupi ndi woipawo. M'minda ya paini ndi bulugamu ya ZAFFICO, monga ya ku Chichele pa mseu wa Ndola ndi Kitwe, muli mthunzi wabwino ndi njira zoongoka, koma ndi minda ya eni ace. Munthu apemphe cilolezo kwa alonda, ndipo asakolezemo moto ngakhale wophikira tiyi.

Banja la ana okulirapo, a zaka 10 kunka m'tsogolo, lingayese ulendo wa ku Chilengwa, nyanja yaing'ono ya kum'mawa kwa Ndola, makilomita ngati 15 kucokera m'tauni, m'dziko la Mfumu Chiwala. Alamba amaicha Chilengwa na Lesa, ndiko kuti colengedwa ndi Mulungu, ndipo woiona sadabwa ndi dzinalo. Munthu ayenda m'thengo osaona cizindikiro ca madzi, ndipo mwadzidzidzi nthaka itha pa mapazi ace: patsogolo pali dzenje lalikulu lozungulira, madzi ali pansi patali, opanda mtsinje wolowa kapena wotuluka. Cifukwa cace ndi mwala wa laimu umene uli pansi pa dera lonselo, womwewo umene mafakitale a simenti ndi laimu a ku Ndola amakumba. Madzi a pansi pa nthaka amasungunula mwalawo pang'ono-pang'ono kwa zaka zikwi zambiri, napanga phanga, ndipo tsiku lina denga la phangalo ligwa. Wa mu mgodi sasowa kumfotokozera zimenezi kawiri. Nyanja ya Kashiba ku Mpongwe inapangika mwa njira yomweyo, koma iri kutali, si ya tsiku limodzi. Ku Chilengwa magombe ngotsetsereka, ndipo ana aone madziwo ali pamwamba, wamkulu atawagwira pa mkono. Malire a Congo ali pafupi kwambiri, ndipo m'thengo mulibe mpanda wosonyeza pamene Zambia athera. Safunsa anadya phula: mlendo ayambe wafika pa mudzi, alonjere mwini mudzi, apemphe mnyamata womlondolera njira.

A ku Kitwe ali ndi Chembe, malo osungirako mbalame kupitirira Kalulushi, makilomita ngati 30 kumadzulo. Pali kanyanja kozingidwa ndi thengo la miombo, ndi njira ya m'mbali mwace. Miyezi youma mbalame zisonkhana pa madzi, ndipo amene afika m'mawa nakhala cete adzaona akakowa, atsekwe ndi zina zambiri zimene maina ace adziwa agogo okha. Madziwo si osambamo, pakuti ng'ona za m'dera la Kafue sizisankha damu. Amene alibe ndalama ya ku Chembe angapite ku damu la Mindolo, pafupi ndi tauni. Malo onse awiri ali ndi oyang'anira ace, ndipo nkwabwino kufunsiratu za ndalama ya pa cipata, kuti atate asacite manyazi pamaso pa ana.

Tsono pali mapiri ena amene si mapiri. Dziko la ku Migodi ndi lacidikha, ndipo mwana wofuna pokwera adzaloza mulu wa miyala yotayidwa ndi mgodi, kapena cimulu cakuda ca pafupi ndi Wusakile cimene onse amati Black Mountain. Cimeneco ndi zotsalira za ng'anjo ya Nkana, zounjikidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1930, ndipo cakumbidwa m'mbali ndi m'munsi ndi anthu ofuna kobalti ndi mkuwa wotsalamo. Mu June 2018 mbali yace inagumuka nikwirira okumba, ndipo anthu osacepera 10 anafa. Madamu a matope a mgodi nao anyenga maso: pamwamba pauma ngati bwalo la mpira, pansi pali phala. Ndipo pamene pali cikwangwani conena kuti nthaka iri kutitimira, cikwangwanico cinena zoona, cingakhale cacita dzimbiri, angakhale waya wa mpanda anaba kale. A ku Mufulira akumbukira 25 September 1970, pamene nthaka inabooka pansi pa matope otere, matopewo nalowa mu mgodi ndi kupha amuna 89. Mwamuna amene amamvera malamulo a citetezo pansi pa nthaka masiku asanu ndi limodzi asawaiwale tsiku lacisanu ndi ciwiri ali ndi ana ace pamwamba.

Za madzi lamulo nlalifupi: akumwa acokere ku nyumba, a m'njira akhale ongoyang'ana ndi maso. M'madzi oima a m'madamu ndi a m'mphepete mwa mitsinje ndimo mukhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo mwana angalitenge pongobviika miyendo. Kuonjeza apo, mitsinje ya kuno imalandira zocokera ku migodi. Pa 18 February 2025 damu la zotsalira la kampani ya Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi, malita ngati 50 miliyoni monga mwa ciwerengero coyamba, anatsikira mu Mwambashi ndi kulowa mu Kafue. Nsomba zinafa, mbeu za m'mbali mwa mtsinje zinapserera, ndipo mipopi ya ku Kitwe inatsekedwa masiku angapo. Madzi oipawo apita ndi mtsinje, koma tizitsulo ta ululu timatsalira m'matope a pansi ndi a m'magombe, pomwe ana akonda kusewera, ndipo madzi odutsa pamwamba pace angaoneke oyera mbee.

Kukonza ulendo sikufuna ndalama zambiri. Muyeso wa mtunda ndi miyendo ya mwana wamng'ono koposa onse, osati ya atate ace. Wa zaka zisanu angayende makilomita 2 kapena 3 ngati apumula kawiri-kawiri, ndipo adzaima pa nyerere iri yonse. Amleke aime, pakuti ndico anadzera. Banja linyamuke ca m'ma 8 koloko, kuzizira kutacepa, ndipo litembenuke dzuwa likangopendeka, cifukwa mu August limalowa ca m'ma 6 koloko, ndipo likangolowa cisanu cibwerera msanga. Ana abvale majuzi oti abvule dzuwa likakwera, ndi nsapato zotseka. Patapata ngwa pa khomo. Milomo ndi zidendene zidzozedwe mafuta, popeza mphepo ya mwezi uno ing'amba khungu. Kamba wa pa njira ndi yemwe uja wa makolo: mbatata yophika, nsawa zokazinga, cinangwa coocha, nzimbe, malalanje, ndi botolo la thobwa kapena la munkoyo, cakumwa ca eni dziko. Madzi aculuke kuposa m'mene munthu aganizira. Lamya ya m'manja ikhale ndi moto wokwanira, koma asaidalire kopambana, pakuti m'thengo mwina siigwira. Mnansi wa khomo loyandikana auzidwe kumene banja lapita ndi nthawi imene lidzabwera.

Pali kanthu kena kamene amai ambiri angakonde kuti kanenedwe pa wailesi. Kawiri-kawiri pa ulendo wa banja mwamuna atsogola manja ali m'thumba, mkazi ali m'mbuyo ndi mwana kumsana, dengu pamutu, botolo m'manja, atayamba wadzuka 5 koloko kuphika kamba. Wotereyo sanapumule, wangosamutsa nchito yace kucokera ku khichini kunka nayo kuthengo. Atate a ku Norway aja amakoka okha kabwato ka mwana, ndipo mapewa amene alimbana ndi makina obowola mwala sabata yonse sangalephere thumba la mbatata ndi kamwana kotopa. Mwamuna wotuluka shifiti ya usiku asanyamuke m'mawa womwewo. Ayambe wagona, ulendo ukhale tsiku lina, cifukwa kholo losinza siliona mphiri pa njira. Ndipo ndalama ya minibasi yobwerera aipatule asanacoke pa nyumba, aipereke kwa amai aimange pa nsonga ya citenje, pakuti pa mseu wa Kalulushi ndi wa Ndola pali malo ambiri oimapo munthu waludzu.